Kukaona mzinda wa Varanasi ndi akachisi ake: malangizo kwa wopita koyamba

Ambiri mwa ife tikakwera ndege ya ku India timakhala tikupita kuchipatala, kusukulu kapena kokaoda katundu, ndipo timathera ku Delhi kapena ku Mumbai n'kubwerera. Ngati mwafika kumeneko ndipo mwatsala ndi masiku atatu kapena anayi, mukaone Varanasi. Mzindawu uli m'chigawo cha Uttar Pradesh, m'mphepete mwa mtsinje wa Ganga, umene mabuku ambiri amalemba kuti Ganges. Eni ake amautchulanso Banaras, pomwe opembedza amakonda dzina lakale loti Kashi. Kwa Ahindu uwu ndi mzinda wa Shiva, mmodzi mwa milungu yawo ikuluikulu, ndipo amakhulupirira kuti wofera kumeneko amamasuka, sabadwanso kuti adzafenso. Kumasukako amati moksha. N'chifukwa chake anthu amakhamukirako kukasamba mumtsinje, kukapemphera, kukatentha mitembo ya abale awo, ena kukadikira imfa yawo. Inu mukalowa pakati pa anthu amene ali pa nkhani yaikulu ya moyo wawo, ndipo malangizo onsewa akuchokera pamenepo.

Yambani ndi kusankha nyengo

Pitani pakati pa Okutobala ndi Malichi. Kuyambira Epulo mpaka Juni kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo miyala ya pansi m'akachisi imaotcha mapazi, pamene inu muyenera kuyenda opanda nsapato. Kuyambira Julayi mpaka Sepitembala ndi dzinja lawo. Mtsinje umadzaza n'kumiza masitepe a m'mphepete, ndipo madzi akakwera kwambiri boma limaletsa mabwato. Mu Disembala ndi Januwale kumazizira ndithu m'mawa, komanso nkhungu imachedwetsa ndege ndi sitima, choncho musalumikize maulendo mothinana.

Onaninso masiku a zikondwerero. Pa Maha Shivaratri, chikondwerero cha Shiva cha mu Febuluwale kapena Malichi, ndiponso pa Malolemba a mwezi wa Ahindu umene amati Sawan, cha mu Julayi ndi Ogasiti, mizere ya kukachisi imatalika mosasimbika. Dev Deepawali, imene imachitika patatha masiku 15 kuchokera pa Diwali, chikondwerero cha nyale, ndi usiku umene masitepe onse amayala tinyale tadothi. N'kokongola, koma malo ogona amadula ndipo amadzaza kudakali miyezi. Wopita koyamba ndi bwino asankhe sabata wamba.

Konzani mapepala musananyamuke

Mufunika pasipoti imene yatsala ndi miyezi yosachepera 6 kuti ithe, komanso viza. Funsani ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe, kapena ya m'dziko limene mukukhala, za viza yoyenera ulendo wanu ndi za katemera. Nkhani ya katemera wa yellow fever musaipeputse ngati mukudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, chifukwa India amaumirira kwambiri za chiphaso chachikasucho. Funsaninso za katemera wa poliyo. Safunsa anadya phula. Pangani makope angapo a pasipoti ndi viza, chifukwa nyumba zogona alendo zimalamulidwa kulembetsa mlendo aliyense wakunja, ndipo zina zing'onozing'ono sizilandira n'komwe akunja. Funsani zimenezi musanalipire.

Tengani ndalama zamanja, marupi, makamaka a 10, 20, 50 ndi 100. Amwenye amalipira zambiri ndi foni, koma njirayo siyophweka kwa mlendo, ndipo wogulitsa maluwa kapena wosunga nsapato sakhala ndi chenje cha 500. Wotchi yanu muipititse patsogolo ndi maola atatu ndi theka.

Kufika ndi kupeza pogona

Kuchokera ku Delhi mungakwere ndege mpaka pabwalo la Lal Bahadur Shastri ku Babatpur, pafupifupi makilomita 25 kuchokera mumzinda. Mungakwerenso sitima ya Vande Bharat, imene inayamba kuyenda njira imeneyi mu Febuluwale 2019 ndipo imatenga maola pafupifupi 8. Werengani bwino tikiti yanu, chifukwa masiteshoni ndi angapo: Varanasi Junction, imene eni ake amangoti Cantt, ya Banaras, ndi ya Pandit Deen Dayal Upadhyaya Junction, yakale ya Mughalsarai, imene ili patali ndithu kutsidya la mtsinje.

Galimoto silowa mumzinda wakale. Imakutulani pamphambano ya Godowlia kapena chapafupi, kenako ndi wapansi m'tinjira timene amati gali, topapatiza moti anthu awiri kupatukana n'kupendekera. M'menemo mumadutsa njinga zamoto, ng'ombe, ana asukulu ndi onyamula maliro. Sutikesi yaikulu ya mateyala ndi mtolo wosautsa m'tinjira totere, tengani chikwama chakumsana. Ngati mukufuna kugona tulo tabwino, pezani malo cha ku masitepe a kumtsinje otchedwa Assi Ghat, kumwera kwa mzinda, kumene galimoto imafika ndipo phokoso ndi lochepa. Ngati mukufuna kukhala pakatikati pa zochitika, gonani pafupi ndi Dashashwamedh Ghat. Woyendetsa rickshaw, njinga ya mateyala atatu yonyamula anthu, akakuuzani kuti malo amene mwalipira anatsekedwa kapena anapsa, ndipo iye akudziwa ena abwino, imbani foni kumaloko. Kawirikawiri amakhala akufuna kangachepe kwa mwini nyumba ina.

Tsiku loyamba musathamangire kukachisi, yambani ndi mtsinje

Ghat ndi masitepe amiyala otsikira kumtsinje. Alipo opitirira 80, ondondozana kugombe la kumadzulo, onse oyang'ana kotulukira dzuwa. Masana akapendeka, yambirani ku Assi Ghat n'kumayenda chakumpoto, mtsinje uli kudzanja lanu lamanja. Simungasochere. Mudzaona ochapa akuyanika nsalu pamasitepe, anyamata akusewera kiriketi, njati zikusamba, ometa akumeta anthu mpala, ansembe atakhala pansi pa maambulera aakulu akuwerengera mabanja mayina a makolo awo. Ulendowu umazoloweretsa maso ndi mphuno, ndipo mumayamba kuona mmene eni ake amachitira zinthu musanalowe malo opatulika.

Valani zobisa mapewa ndi mawondo, amuna ndi akazi omwe. Chitenje chimathandiza kwambiri: chofunda kumutu, chokhalira pamwala, chodziphimba m'mawa kukazizira. Nsapato zikhale zovula msanga. Osajambula anthu amene akusamba, makamaka amayi. Akakhala sadhu, munthu wodzipatula wovala zachikasu kapena wodzola phulusa, pemphani kaye, ndipo dziwani kuti ena amayembekeza ndalama mukawajambula. Wina akakupatsani dzanja ngati akupereka moni n'kuyamba kukusisitani mkono, ameneyo ndi wogulitsa ntchito yosisita thupi. Moni wabwino ndi kuphatikiza manja pachifuwa n'kunena kuti namaste. Mumzindawu mudzamvanso anthu akupatsana moni wa "Har Har Mahadev" kapena "Mahadev" basi.

Dzuwa likamalowa khalani muli pa Dashashwamedh Ghat kuti muone Ganga Aarti, mwambo wolemekeza mtsinje ndi moto. Umachitika tsiku lililonse, cha m'ma 6 koloko nyengo yozizira ndi cha m'ma 7 koloko nyengo yotentha, ndipo umatenga mphindi pafupifupi 45. Fikani kudakali ola limodzi kuti mupeze pokhala. Ansembe achinyamata amaima m'ndandanda pa timisanja, amaliza zigoba za nkhono zazikulu za m'nyanja, kenako amazunguliza lubani ndi nyale zamkuwa za misinkhu yambiri, zolemera, zoyaka lawilawi, mabelu akulira osalekeza. Ena amaonera ali m'mabwato. Ine ndimakonda pamasitepe, pakati pa anthu. Tsiku limene ndinaonera, pafupi nane panali mayi wina wokalamba amene sankaona chilichonse chifukwa cha misana ya anthu, koma nyale itadutsa anatambasula zikhato ku utsi n'kudzipukuta kumaso ndi kumutu, milomo ikunjenjemera. Mwambo ukatha gwirani chikwama kutsogolo, ndipo dikirani khamu lichepe musanakwere masitepe.

M'mawa mwake, bwato

Gwirizanani ndi mwini bwato madzulo ake, ndipo mumvane zinthu zinayi musanakwere: mtengo, ngati mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa bwato lonse, kutalika kwa nthawi, ndi pamene mukatembenukire. Lipirani mukatsika. Sankhani bwato lopalasa, losakhala la injini, chifukwa chimene mwadzera ndi kumva mabelu, nyimbo ndi madzi. Pemphani chovala choyandamitsa. Nyamukani kudakali kamdima, dzuwa likutulukireni muli pamadzi. Limatulukira kutsidya kopanda nyumba, kumchenga, n'kuwalitsa nyumba zonse za kugombe la mzinda nthawi imodzi, ndipo pamenepo anthu ali m'madzi mpaka m'chiuno, atatunga madzi m'manja, akuwathira pang'onopang'ono moyang'ana dzuwa. Nyengo yozizira mbalame zoyera zochokera kumayiko a kumpoto zimazungulira mabwato.

Za kusamba, ndikulangizani kuti musatero. Kwa okhulupirira madziwo ndi oyera mwauzimu, ndipo musatsutsane nawo pa zimenezo. Koma zonyansa za m'mizinda zimalowa mumtsinje, mpaka boma linayambitsa ntchito youyeretsa yotchedwa Namami Gange mu 2014. Masitepe a pansi pamadzi ndi oterera, amathera mwadzidzidzi, ndipo mtsinje umakoka. Kukhudza madzi ndi dzanja n'kokwanira. Osamwa.

Kulowa mu Kashi Vishwanath

Uyu ndiye kachisi wamkulu, mmodzi mwa malo 12 opatulika kwambiri a Shiva amene amati Jyotirlinga. Nyumba imene ilipo lero inamangidwa ndi mfumukazi Ahilyabai Holkar wa ku Indore mu 1780, ndipo golide wa padenga anapereka ndi Maharaja Ranjit Singh wa ku Punjab mu 1835. Kale munthu ankafikako podzera m'tinjira tothina tokhatokha, koma pa 13 Disembala 2021 anatsegula bwalo lalikulu lolumikiza kachisiyu ndi mtsinje.

Chitani motere. Siyani foni, kamera, chikwama ndi lamba wachikopa kumene mwagona, kapena m'mabokosi otsekera a pachipata. Tengani pasipoti yeniyeni, chifukwa mlendo wakunja amayamba walembetsa ku ofesi yothandiza alendo ya kachisiyo. Pomwepo pamagulitsidwa tikiti ya Sugam Darshan, imene imakudutsitsani pamzere waufupi. Gulani pa ofesi pokhapo, landirani lisiti. Amuna oima m'njira amene amalonjeza kukulowetsani msanga, ndiponso eni timasitolo amene amati siyani nsapato pano kwaulere, mapeto ake amakukakamizani kugula dengu la zopereka pamtengo wokwera. Inenso ndinagwa m'mbuna imeneyi: ndinasiya nsapato pakasitolo kena, ndipo pobwerera ndinazipeza pokhapokha nditalipira maluwa amene sindinawapemphe. Funsani mtengo musanasiye kanthu.

Apolisi amasecha aliyense, amuna kwawo akazi kwawo. Mukalowa mudzaona mzikiti wa Gyanvapi utagundizana ndi kachisi, wotchingidwa ndi mpanda wazitsulo. Unamangidwa m'nthawi ya mfumu Aurangzeb, kachisi wakale atagwetsedwa mu 1669, ndipo nkhani ya malowo ili m'makhoti mpaka pano. Musailowerere, musafunse anthu a pamzere maganizo awo. Kwa eni kulibe mkuwe.

Chimene anthu amadzera amati darshan, kuona ndi kuonedwa ndi mulungu wawo. Chipinda chopatulika n'chaching'ono, ndipo lingam, mwala wakuda woimira Shiva, uli pansi m'kadzenje kokutidwa ndi siliva. Anthu amathirapo madzi a mu Ganga ndi mkaka, n'kuikapo maluwa ndi masamba a mtengo wa bel, a timasamba titatu. Mudzangoona kwa kanthawi kochepa, wansembe n'kukukankhirani kutsogolo. Musakhumudwe. Amene ali kumbuyo kwanu mwina wayenda masiku awiri pasitima chifukwa cha kanthawi komweko. Pansi pamakhala ponyowa ndi mkaka ndi madzi, pondani mosamala.

Malamulo a m'kachisi aliyense ndi omwewa: vulani nsapato, musaponde pakhomo penipeni koma lumphani chiundo, perekani ndi kulandira ndi dzanja lamanja, musaloze mapazi ku fano mukakhala pansi, ndipo pozungulira kachisi malo opatulika akhale kudzanja lanu lamanja. Pa akachisi ena pamalembedwa kuti olowa ndi Ahindu okha. Mverani.

Ambiri mwa owerenga ndi Akhristu kapena Asilamu, ndipo funso la chikumbumtima lilipo. Wansembe angafune kukupakani tilak, chizindikiro cha chipembedzo, pamphumi, kukumangani ulusi padzanja kapena kukupatsani prasad, chakudya choperekedwa kwa mulungu. Ganizirani zimenezi musanalowe. Ngati simukufuna, phatikizani manja, weramani pang'ono n'kubwerera m'mbuyo, palibe amene angakukakamizeni. Choipa n'kulandira kenako n'kutaya pansi, kapena kupukuta pamphumi monyansidwa pamaso pawo. Ngati mtima sukulola kulowa n'komwe, imani panja. Mtsinje ndi masitepe ndi za aliyense.

Mukatuluka, pafupi pomwepo pali kachisi wa Annapurna, mulungu wamkazi wa chakudya.

Ku Manikarnika, kumene amatentha mitembo

Apa ndi pofunika kudekha kuposa pena paliponse. Malo otenthera mitembo ndi awiri, Manikarnika Ghat ndi Harishchandra Ghat, ndipo moto wa ku Manikarnika suzima usana ndi usiku. Musanafike mudzaona milu ya nkhuni yotalika ngati nyumba ndi masikelo akuluakulu oyezera nkhunizo. M'tinjira mukamva amuna akuyimba mobwereza kuti "Ram naam satya hai", tsamirani kukhoma, maliro akudutsa. Mtembo amaunyamula pa machira ansungwi, atauphimba ndi nsalu zonyezimira ndi maluwa achikasu, ndipo amayenda mofulumira.

Akafika amauviika kaye mumtsinje, n'kuugoneka pamasitepe kuti uume. Wotsogolera mwambo, kawirikawiri mwana wamwamuna wamkulu, amametedwa mpala n'kuvala nsalu yoyera yosasoka. Amakatenga moto ndi udzu kwa anthu a fuko la Dom, amene amasunga moto wa pamalopo kuyambira kalekale, n'kuzungulira mulu wa nkhuni kasanu asanayatse. Mtembo umapsa kwa maola pafupifupi atatu. Chimene chimadabwitsa munthu wa kwathu ndi bata. Ife tinazolowera kulira mokweza, nyimbo za usiku wonse pasiwa ndi amayi atazungulira bokosi. Pano amayi mwamwambo sabwera, ndipo amuna salira mokuwa, poti amati kulira kumagwira mzimu wa wopitayo. Amangokhala chete pamasitepe, tsaya lili m'manja, akuyang'ana moto.

Osajambula, ngakhale muli m'bwato, ngakhale patali. Foni ikhale m'thumba. Imani chapamwamba kapena chapambali, osatsekereza njira ya onyamula nkhuni, osaloza chala, osaseka. Ingoganizani mlendo atafika kumanda a kwanu adzukulu akukwirira, iye n'kutulutsa kamera. Amayi alendo angathe kuonera ali chapatali kapena ali m'bwato. Pamalowa pali anthu amene amadzitcha othandiza kunyumba yosungira okalamba, amakufotokozerani mwambo bwinobwino, n'kukukwezani pakhonde la nyumba ina, kenako amafuna ndalama zambiri zoti n'zogulira nkhuni osauka. Kanani mwaulemu kuyambira pachiyambi ndipo musawatsatire. Utsi ndi wambiri, wodwala chifuwa asakhalitse. Mukachoka, dzipatseni nthawi yokhala phee penapake musanapite kwina.

Akachisi ena

Tsiku lachitatu lembani rickshaw ya theka la tsiku. Mulungu Kal Bhairav, amene kachisi wake ali kumpoto kwa mzinda wakale, amatchedwa mlonda wa Kashi, ndipo opembedza ambiri amakaonekera kwa iye ngati mmene mlendo amakaonekera kwa mfumu ya mudzi. Kumwera kuli kachisi wofiira wa mulungu wamkazi Durga pambali pa dziwe la Durga Kund, Tulsi Manas Mandir wa 1964 amene makoma ake analembedwa ndakatulo za Tulsidas, ndi Sankat Mochan, kachisi wa Hanuman, mulungu wooneka ngati pusi. Kumeneku anthu amadzaza Lachiwiri ndi Loweruka, foni salowa nayo, ndipo apusi ndi ambiri. Bisani chakudya ndi magalasi a maso, osawayang'anitsitsa. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. N'chimodzimodzi ndi agalu a m'masitepe.

Mkati mwa Banaras Hindu University, imene anayambitsa Madan Mohan Malaviya mu 1916, muli kachisi watsopano wa Vishwanath, wamtali, wa malo otakasuka, wolandira aliyense. Amene waopa khamu la kukachisi wamkulu apite kumeneku.

Zakudya

Pafupi ndi akachisi chakudya n'chopanda nyama. M'mawa idyani kachori sabzi (zitumbuwa za tirigu ndi ndiwo zamasamba) ndi jalebi (zotsekemera) pamalo pamene pali mzere wa eni mudzi, zokazingidwa inu mukuona. Tiyi ndi lassi, chambiko chotsekemera, amapereka m'timakapu tadothi totchedwa kulhad, timene amataya akamwera. Nyengo yozizira mupeza malaiyo, thovu la mkaka lonunkhira limene limagulitsidwa m'mawa mokha. Chenjerani ndi lassi kapena thandai (chakumwa cha mkaka) wotchedwa bhang kapena "special": muli chamba, ndipo amagwetsa munthu. Madzi imwani a m'botolo lomata, pewani ayezi ndi zipatso zosendasenda, ndipo nyamulani thanzi ORS. Nsalu za silika za Banarasi n'zotchuka, koma musapite kusitolo ndi munthu amene wakupezani panjira, chifukwa gawo lake limakhala mumtengo umene mulipire.

Musananyamuke, Sarnath

Makilomita pafupifupi 10 kuchokera mumzinda kuli Sarnath, kumene Buddha, woyambitsa chipembedzo cha Chibuda, anaphunzitsa koyamba. Kuli nsanja yakale ya Dhamek Stupa, mabwinja a nyumba za amonke, udzu wobiriwira ndi bata limene thupi limalifuna pambuyo pa masiku atatu a mabelu ndi utsi. M'nyumba yosungira zakale muli mwala wosemedwa mikango inayi wa mfumu Ashoka, womwe ndi chizindikiro cha boma la India, chimene mwakhala mukuchiona pa marupi ndi pa viza yanu. Nyumbayi satsegula Lachisanu. Ngati ndege yanu ndi ya tsiku lomwelo, nyamukani ndi katundu wanu popita ku Sarnath kuti musabwererenso ku Godowlia, chifukwa misewu ya mumzinda imathinana kwambiri masana ndipo makilomita ochepa angakudyereni ola lathunthu.